Kabuku Komwe Kananena Amalume

M'zaka za Chitaganya tinkakhala papulazi ya fodya kufupi ndi tauni ya Banket, m'dziko lomwe anthu akwathu ankangoti ku Halale. Ine ndinabadwira komweko kuchilendo. Mayi ndi amene anachokera kwathu ku Nyasalande, cha ku Dedza, potsatira bambo. Alongo awo, amalume anga, anabwera pambuyo ine ndili kamtsikana. Anasiya mkazi kumudzi ali ndi mwana kumsana, atamulonjeza kuti akungokagwira ntchito yogulira njinga ndi bulangete, abwerera mvula isanagwe kawiri. Pamene ine ndinkakwatiwa, njinga anali atagula ndi kugulitsa kangapo, ndipo mvula inali itagwa mpaka kukokolola milatho, iwo ali pompo. Ntchito yawo inali yoyendetsa ngolo ya ng'ombe, kututa nkhuni kupititsa kumabalani kowotchera fodya. Anali munthu wamtali, wa mpata pakati pa mano, wodziwa kuvina, ndipo mawu oti mtchona sankafuna kuwamva m'khutu mwawo.

Ine ndinkagwira m'shedi yosankhira fodya, kulekanitsa masamba ofiira, achikasu ndi akuda. Ndinali nditaphunzirako pang'ono pasukulu ya papulazi, moti kuwerenga Chinyanja ndinkatha bwino. M'komboni monse owerenga tinali ochepa: ine, kalaliki wa mzungu amene sankacheza ndi ife, ndi mkulu wa mpingo amene ankatiyambitsa nyimbo Lamulungu.

Mwezi ukatha kunkabwera bambo wina wamalonda pa njinga, atamanga mabokosi kumbuyo ndi kutsogolo. Ankagulitsa singano, ulusi, sopo, akalilole ndi mafuta odzola. Tsiku lina ndinatuma amuna anga, omwe ankayendetsa thirakitala, kuti akandigulire mafuta. Anabwera ndi kabuku. Anati wamalonda uja wawauza kuti akazi ophunzira masiku ano akugulidwira zimenezi, ndipo mafuta amatha koma buku silitha. Ndinakwiya, chifukwa miyendo yanga inali mbuu. Kabukuko ndinakaponya pa denga la khitchini, kanakhala pamenepo mpaka mkwiyo utaphwa.

Kanali kakang'ono kwambiri, kolowa m'thumba la diresi, ka chikuto chachikasu chojambulidwa munthu atanyamula sutikesi. Kumbuyo kwake analembako kuti wolemba ndi mnyamata, mphunzitsi wa pasukulu ina yamishoni kwathu, ndipo ili ndi buku lake loyamba. Nditawasonyeza a mkulu wa mpingo, anakaika pachikhatho n'kumakayeza kulemera ngati akugula nkhuku yodwala. Anati buku lomwe silingaime lokha pa tebulo si buku, ndiponso mwana wa dzulo, wosakwatira n'komwe, angauze anthu chiyani, poti mawu a akulu ndiwo amakoma akagonera. Mayi anali pomwepo akusenda mtedza. Anangoyankha osadzutsa mutu kuti tsabola wakale sawawa.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, amayi anasonkhana monga mwa masiku onse pansi pa mkuyu wa pakati pa komboni, ena akulukana tsitsi, ena akusankha nyemba. Amuna anali chapatali pang'ono pa bawo, amene anzathu Achishona ankamutcha tsoro. Mayi anandiuza kuti ndikatenge kabuku kaja timve chomwe chinatidyera mafuta.

Ndinali ndisanawerengepo buku lotero. Mabuku omwe ndinkawadziwa ankayamba ndi kulangiza. Aka kanangoyamba ndi mkazi akukalipira nkhuku yomwe yalowa m'nyumba, kwinaku mwamuna wake akumanga katundu wa ulendo wa ku Halale. Anthu a m'katimo ankalankhula monga momwe ifeyo tinkalankhulira, kuphatikizapo mawu ena omwe sindikanawatchula pamaso pa a mkulu wa mpingo ndikanawaona msanga. Ndisanatembenuze masamba ambiri, oluka tsitsi anali atasiya mitu ya anzawo theka lolukidwa theka lili nyankhalala, ndipo phokoso la njere za bawo linali litachepa.

Zinkaonekeratu kuti mnyamatayo kuno anali asanafikeko. Analemba kuti ku Halale magetsi amawala kwambiri moti nkhuku sizigona, zimafa ndi tulo. Analembanso kuti fodya amamuthyola atakwera makwerero. Pamenepo amuna a pa bawo anafika pafupi ndithu, aliyense akukonza cholakwacho mokondwa, ngati momwe munthu amakonzera mwana wa mlongo wake akanama pagulu. Buku lalikulu la munthu wamkulu timaliopa, timangoti n'zoona ngakhale sitinamve. Koma mnyamata ameneyu tinkakangana naye, ndipo pokangana nayepo tinkamumvetsera.

Nkhani yake inali yakuti mwamuna uja anafika ku Halale, anapeza ntchito, n'kuiwala kwawo. Anali wamtali, wa mpata pakati pa mano, katswiri wovina. Nditawerenga pamenepo mayi anatsokomola. Kenaka munthuyo, pofuna kutseka pakamwa achibale, anapita kwa wojambula zithunzi, anabwereka jekete ndi wotchi yakufa, anaima atagwira chiuno, n'kutumiza chithunzicho kumudzi popanda kanthu kena kalikonse. Mkazi wake anayenda nacho mudzi wonse akuuza anthu kuti amuna ake tsopano ndi kalaliki.

Mayi anaseka mpaka nyemba zinatayika m'lichero. Sanatchule munthu, anangoyang'ana alongo awo. Anthu onse anatsatira maso a mayi. Amalume anali atagwira njere za bawo m'manja, dzanja lili m'mwamba, osalitsitsa. Komboni yonse inkadziwa za chithunzi chawo, chifukwa asanachitumize anachionetsa khomo ndi khomo.

Anaimirira pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti, "Mwana iwe, tseka kabukuko. Amene anakatumiza mbiri yanga kwa kamnyamata kameneko ndimupeza."

Anachoka akukoka mapazi, njere za bawo zili m'manja, moti masewero anathera pomwepo. Ine sindinatseke. Amayi sakanalola. Tinamaliza nkhani yonse dzuwa lisanafike pa mitengo ya bulugamu, ndipo nthawi yotereka sadza, nsima ya kumeneko, inakwana bwinobwino.

Sabata yotsatira amalume anasanduka wapolisi. Anayamba ndi mayi, kuwanena kuti ndi amene amatumiza miseche kumudzi. Mayi anawakumbutsa kuti ngakhale dzina lawo salemba, amadinda chala. Anabwera kwa ine, ndinawauza kuti mnyamatayo sindikumudziwa. Anakayikira a mkulu wa mpingo, anakayikira wamalonda wa pa njinga, mpaka anakayikira ng'ombe zawo, poti ankakonda kuziuza zakukhosi akamapita kunkhuni. Nkhaniyi ankaidandaula kwa aliyense, moti ngakhale omwe kunalibe tsiku lowerenga anadziwa kuti amalume alembedwa m'buku.

Mmodzi mwa omwe kunalibe anali bambo wina wa ku Tete, wamfupi wojintcha, yemwe ankasonkhezera moto kumabalani. Moto wa fodya sudziwa Lamulungu, n'chifukwa chake sanamve nawo. Iyeyu ndi amalume ankakumana tsiku lililonse, wina kutsitsa nkhuni wina kuzilandira. Amalume atamufotokozera za jekete ndi wotchi, bamboyo anathamangira kunyumba kwake. Madzulo ake anafika pakhomo pathu ndi chithunzi chomwe anatsala nacho, nkhope ili gwa, n'kunena m'Chinyanja chake cha ku Tete kuti amene wanenedwa m'bukumo ndi iyeyo, chifukwa nayenso anajambulitsa ku Banket n'kutumiza kwawo.

Mayi analowa m'nyumba n'kutulutsa chithunzi cha amalume, chinzake cha chija anatumiza kumudzi, chomwe anawapatsa kuti asunge. Tinaziika pamphasa moyandikana. Jekete linali lomwelo, la mizeremizere, losowa batani lapakati. Wotchi inali yomweyo. Nkhani itamveka, amuna ena anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense akuseka mwamanyazi, chithunzi atabisa m'malaya. Pofika Lamulungu mphasa inadzaza. Komboni yonse inali m'jekete limodzi: pa woonda linkalendewera ngati thumba la chimanga, pa wonenepa linkakana kutsekeka, pa wamfupi manja ankabisika. Mawotchi onse ankaloza nthawi imodzi. Ngakhale a mkulu wa mpingo, akazi awo anatiuza monong'ona kuti chawo chilipo, koma chili m'Baibulo.

Tinkayesa kuti amalume apepukidwa mtima poona kuti sali okha. Ayi ndithu, zinawapweteka koposa. Chinavuta n'chakuti m'kati mwa nkhaniyo munali malo ena pomwe munthu uja anapita kudansi, akazi awiri a m'tauni n'kumenyana chifukwa cha iye, mpaka wina kung'ambika diresi. Bambo wa ku Tete atamva za malo amenewa anatsimikiza kuti buku ndi lake. Anati mnyamatayo anangosintha Tete kukhala Nyasalande poopa Apwitikizi, ndipo anamutalikitsa msinkhu pofuna kumubisa. Amalume anamufunsa kuti mpata wa mano uli kuti. Iye anatsegula pakamwa n'kuonetsa pomwe ng'ombe inamugulula dzino. Amalume anati umenewo si mpata, ndi ngozi, ndiponso munthu wovina ngati ng'ombe yolumwa ndi nkhupakupa akazi sangamumenyanirane.

Kuyambira pamenepo ndinasowa mtendere. Amalume, omwe anandiuza kuti nditseke kabuku, ankafika ndikuphika n'kundipempha kuti ndiwawerengereko pang'ono, pa dansi pokha. Ankamvetsera atatsinzina, phazi likugunda pansi. Akachoka, wa ku Tete ankatulukira ndi chinangwa chowotcha cha mwana wanga, nayenso kufuna pa dansi pomwepo. Masamba amenewo anada ndi zala mpaka kufewa ngati nsalu. Ndikafuna kupitirira, onse awiri ankandiletsa, amvekere zinazo n'zongowonjezera. Motero aliyense wa iwo sankadziwa mathero a nkhani yomwe ankailimbirana. Amayi a m'komboni, popanda kupangana, palibe amene anawauza.

Amene anatopa nazo ndi mayi. Lamulungu lina, fodya atatha kuwotchedwa ndipo wa ku Tete ali womasuka, anawaitana onse awiri pansi pa mkuyu n'kuwakhazika pa chipika chimodzi. Anati mwini ng'ombe amatenga ndi ndowe zomwe, choncho amene akuti buku ndi lake alimve kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo amene aimirire lisanathe waluza mlandu. Anthu anadzaza kuposa kutchalitchi, zomwe a mkulu wa mpingo anaziona ndipo anazitchula.

Apa m'pamene ndinaonera ubwino wina wa kabuku kakang'ono. Likanakhala buku lalikulu, anthu awiriwa akanapulumuka. Wina akanati mawa kuli ntchito, wina akanati mutu ukuwawa, tikanasiyira pakati n'kuiwala. Koma aka kanalibe pothawira. Pa dansi onse anamwetulira n'kugundana zigongono. Titadutsa pamenepo nkhani inathamanga. Munthu uja anakalamba pang'ono, ntchito inatha, akazi a m'tauni anapeza ovina atsopano. Ananyamula sutikesi yake n'kubwerera kwawo. Atafika m'mudzi anapeza njira zitasintha, anafunsa kamtsikana kena komwe kuli nyumba ya mkazi wake. Kamtsikanako kanamutsogolera, ndipo pofika pakhomo kanaitana kuti amayi, kwabwera alendo, kaya akufuna bambo. M'nyumbamo munatuluka mwamuna wina, waulemu wake, anamupatsa mpando, anamulonjera bwino, n'kutuma kamtsikana kaja kuti kawapatse alendo madzi akumwa. Munthu uja analandira chikho. Nkhani inathera pomwepo, chikho chili m'manja.

Ndinadzutsa mutu. Amalume anadikira, kenaka anandifunsa kuti, "Pitiriza, waimiranji?"

Ndinawauza kuti kwatha, ndipo ndinawaonetsa tsamba lomaliza lomwe theka lake linali loyera. Analiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale sankadziwa kuwerenga, n'kutembenuza kuti aone ngati kuseri kuli zina. Anati mnyamatayo ndi waulesi, malo olemba analipo koma anangosiya munthu atagwira chikho. A mkulu wa mpingo anavomereza kuti n'zimene ankanena zija, buku latha popanda phunziro, ndipo anaimirira kuti aperekepo phunzirolo. Anayankhula ndithu, koma sindikukumbuka kuti anati chiyani, ndipo sindikhulupirira kuti alipo anamva.

Bambo wa ku Tete anakanda m'mutu n'kunena motsitsa mawu kuti akaganiza bwino, munthu wa m'bukuyo ndi wamtali, choncho mwina ndi amalume ndithu. Amalume anati ayi, iwo sakonda kulanda zinthu za eni, alitenge. Anakankhirana bukulo mwaulemu kwambiri, kuposa momwe ankalimbiranirana, mpaka anthu anayamba kuseka n'kumabalalika.

Masiku otsatira amalume sanabwerenso kudzamva za dansi. Ankapita kunkhuni, kubwera, kukhala pakhomo pawo. Fodya atapita ku okushoni ndipo ntchito itachepa, anakapempha tchuthi kwa foromani. Kwa ife sananene kuti akupita kukaona mkazi. Anati akupita kukamenya wolemba. Anabwereka kabuku kanga kuti kakhale umboni, anasema ndodo yatsopano, anakwera basi ya ku Sozibele, tauni yaikulu, kumeneko n'kupeza malole odzera ku Tete. Mayi anawapatsa nsalu ndi sopo kuti akapatse alamu awo, iwo n'kulandira ngati sakudziwa kuti n'za yani.

Anabwerera nthawi yofesa fodya kumabedi. Sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali mayi wonenepa, wa maso akuthwa, atasenza mtolo, ndi mtsikana wamtali wa mpata pakati pa mano. Amuna atawazungulira, amalume anafotokoza kuti wolembayo anamupeza, anamugwira pakhosi, iye anapepesa atagwada, ndipo mkazi anangomutenga poti anali panjira. Nkhani yeniyeni tinaimva mawa lake kuchitsime, kwa mkazi wawoyo, amene tinkawatchula kuti azakhali, omwe sanachedwe kuzolowera.

Anati amalume atafika pafupi ndi mudzi anachita mantha kulowa. Anakhala pa chulu kufupi ndi dambo mpaka dzuwa kupendeka, kudikira munthu woti amufunse. Kunadutsa mayi wina atasenza mtsuko. Amalume anamulonjera mwaulemu, n'kufunsa mozungulira ngati mkazi wa pabanja lakutilakuti akadali moyo, ndipo ngati anakwatiwa. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Anakwatiwa kalekale," anatero.

Amalume anakhalira sutikesi yawo. Patapita kanthawi anafunsa kuti anakwatiwa ndi yani.

"Ndi chitsiru china chomwe chinapita ku Halale kukagula njinga. Nyamulani katundu wanuyo tizipita, madziwa akundilemera."

Azakhali anati iwo anawazindikira ali patali, chifukwa cha kaimidwe kogwira chiuno ka pachithunzi paja. Kabukuko nakonso ankakadziwa. Mkazi wa mphunzitsi wina wa m'mudzimo anakawerenga pa msonkhano wa amayi, ndipo pofika pa jekete amayi onse anatembenuka kuyang'ana iwo, ngakhale theka la amayiwo linali ndi zithunzi zotero m'nyumba zawo. Anati kuwafunsira amuna anawafunsira ndithu, mmodzi anali ndi ngolo yakeyake, koma iwo anafuna kuti mwini wake adzayambe wabwera amve mawu omwe anamusungira. Mawuwo anawapereka kwa masiku angapo, ndipo atatha anauza amalume kuti ku Halale sabwererako okha.

Kwa wolemba anapitadi, koma amene anaumiriza ndi azakhali, amalume atayamba kunena kuti mwendo ukuwawa. Azakhali anali ndi dandaulo lawolawo, lakuti mkazi wa m'bukumo anapatsidwa mawu ochepa, kungokalipira nkhuku basi. Anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukafika pasukulupo. Anapeza kamnyamata koonda, ka kabudula, choko chili mpaka m'makutu, kakuphunzitsa ana pansi pa mtengo. Kataona munthu wamtali ali ndi ndodo kudzanja limodzi ndi kabuku kachikasu kudzanja linalo, kanazungulira kukaima kuseri kwa bolodi, miyendo yokha ikuoneka.

Azakhali ndi amene anakatulutsa. Atakhala pansi, amalume anafunsa kuti mbiri yawo anamuuza ndani. Mnyamatayo, yemwe ankachita chibwibwi, anati sanawamvepo chibadwire, ndipo iye sanapitepo kutali kuposa kuboma. Munthu wa m'bukumo anali bambo ake omubereka, omwe anachoka iye ali wakhanda, ndipo ankangowadziwira pa chithunzi. Analowa m'kanyumba kake n'kuchitulutsa, n'kufunsa amalume ngati anakumanapo nawo kumeneko, poti iye ankaganiza kuti ku Halale anthu akwathu onse amadziwana. Amalume anachiyang'anitsitsa. Munthuyo sankamudziwa. Azakhali anati chomwe amalume anatchula n'chakuti jekete la pachithunzicho linali labwino kuposa la ku Banket, mabatani onse analipo.

Ndodo amalume anaitsamiritsa pa khoma. Anafunsa chifukwa chomwe anasiyira nkhani munthu atagwira chikho. Mnyamatayo anati analemba pa tchuthi cha sukulu, ndipo analekera pomwe nzeru zake zinalekera. Sankadziwa chomwe munthu wotero amachita akamwa madziwo, chifukwa bambo ake sanabwere. Amalume anamubwezera chithunzi chija. Kenaka anayamba kumufotokozera kuti fodya sakwerera makwerero, ndipo nkhuku za ku Halale zimagona ngati nkhuku zina zonse. Anamuphunzitsa mpaka tiyi kuzizira, mnyamatayo akungogwedeza mutu. Potsanzikana anamulangiza kuti akadzalembanso adzatalikitse pa dansi.

Chomwe chinawakhalira pamtima amalume sichinali kunenedwa ayi, koma kusanenedwa. Kwa nthawi yaitali ankadandaula kuti munthu wosakudziwa n'komwe angakulembe bwanji mpaka mano.

Kabuku kanga kanabwerera kopanda chikuto. Sindinadandaule, chifukwa tsopano wamalonda wa pa njinga akafika, amayi ankayamba afunsa za timabuku asanafunse za sopo. Tinawerenga tambiri m'zaka zimenezo, pafupifupi tonse ta anyamata ndi atsikana ongoyamba kumene, aphunzitsi, makalaliki, wina namwino. Tina tinali tosapsa, tina tothera m'malere, kena kanapha anthu onse pa tsamba lomaliza ngati wolemba anaitanidwa kukadya. Koma koipa sikankatidyera nthawi, kankatha msanga n'kutisiyira choseka, ndipo kabwino kankayenda m'thumba kuchoka pulazi ino kupita ina, mpaka ku Karoi, n'kubwerera katanona ndi mafuta a m'manja. Olembawo anali asanaphunzire kuopa anthu. Ankalemba zomwe zinkawawawa, m'mawu omwe anali nawo, zikatha n'kusiya. Kwa anthu otuluka m'shedi msana ukuphwanya, amene tinali ndi masana amodzi okha pa sabata, kumeneko kunali kutilemekeza.

Azakhali analembedwa ntchito m'shedi momwemo, pambali panga, ndipo pa zowerenga ankakhala kutsogolo n'kumaweruza akazi a m'mabuku, uyu wapusa, uyu walankhula bwino. Amalume kudansi anasiya kupita, osati mwa kufuna kwawo.

Bambo wa ku Tete anaona zonsezi: mnzake akudya zophikidwa bwino, malaya osokedwa, mwana akumutengera madzi osamba. Chaka chotsatira, fodya atagulitsidwa, nayenso anapempha tchuthi. Anagula nsalu ziwiri ndi poto, anameta bwino, ndipo amalume anamuperekeza mpaka pa msewu akumulangiza ngati katswiri, kuti akafika asakafunse mayi wosenza mtsuko.

Sanakhalitseko. Tinangoona madzulo ena akutsika lole ya pulazi ali yekha, poto ali m'manja. Anthu anamulonjera mosamala, osafunsa zambiri. Iye anapita molunjika pakhomo pa amalume, anakhala pa mpando, n'kufotokoza yekha. Mkazi anamupeza ali pabanja ndi msodzi wina, ali ndi ana ena atatu. Mwana wake weniweni sanamudziwe. Msodziyo anali munthu wabwino kwambiri, anamupatsa mpando, anamuphera nkhuku, anamugoneka, m'mawa n'kumuperekeza. Nsalu anasiya, koma poto anabwera naye chifukwa kumeneko analipo kale wamkulu kuposa wakeyo.

Azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Amalume anayang'ana pansi. Bamboyo anawagwira amalume pa bondo, nkhope ikuwala ngati munthu wopambana mlandu.

"Achimwene, ndinkakuuzani ine. Buku lija ndi langa."

Amalume anavomera kuti n'lake ndithu, kuyambira kumutu mpaka kumchira, kupatula pa dansi pokha. Anakangana pang'ono za pamenepo, azakhali akupakula chakudya, ndipo kuyambira tsiku limenelo bamboyo ankadya pakhomo pawo, mpaka pamene anadzakwatira mayi wina wamasiye wa ku Guruve yemwe ankagwira nafe m'shedi.